Nsomba za Alamu Ndinaziika M'buti

Sabata ino ndilibe woti ndimunyoze. Ndayang'ana kwa andale, ndayang'ana kwa madalaivala a minibasi, ndayang'ana ngakhale kwa aja amaimba kwaya mokweza kuposa anzawo, koma wolakwa wamkulu ndamupeza m'galasi lometera ndevu.

Choncho khalani pansi. Amene mwavala zipewa, vulani. Mlandu wa lero ndi wa nsomba zisanu.

Ndili ndi achemwali anga, a Felesita. Kwathu ku Kaphuka ife ndife banja la choko. Malemu bambo anali mphunzitsi, amayi anali mphunzitsi, ndipo ngakhale galu wathu ankakhala pansi mwaulemu ngati akudikira belu. A Felesita anaphunzira unamwino, nawatumiza ku kachipatala kena kufupi ndi nyanja. Kumeneko anakumana ndi a Lufeyo, mwini boti la injini lonyamula anthu ndi katundu m'madoko a m'mbali mwa nyanja. Sipanapite zaka ziwiri, achemwali anasiya jakisoni n'kugwira injini. Mpaka lero boti limenelo amayendetsa awiri: achemwali kumbuyo pa injini, alamu kutsogolo kuwerenga madzi.

Amayi sanakalipe. Amayi athu sakalipa, amachonga. Anangonena kuti mwana wawo anamuphunzitsa kuti azinunkha mankhwala, osati usipa, ndipo nkhani inathera pomwepo. Zaka khumi ndi zinayi alamu anga sanapondepo pakhomo pathu. Achemwali ankabwera okha, kawiri pachaka, n'kumabwerera ndi thumba la mbatata ya kachewere lopanda moni wa mwamuna wawo.

Mwezi watha amayi anadwala kuthamanga kwa magazi. Atatuluka m'chipatala anandiitana n'kunena kuti, “Pio, kamutenge munthu ujayo ndidzamuone ndikadali ndi maso.”

Sananene kuti mkamwini. Ananena kuti munthu uja. Koma kwa amene amawadziwa amayi athu, apa n'kuti chitseko chatseguka pang'ono, ndipo chikatsekekanso sichidzatsegukanso.

Anatuma ine chifukwa ndine ndekha m'banjamo amene ndili ndi laisensi komanso amene palibe ofesi ingandisowe Lachiwiri. Mukudziwa kale, owerenga okondedwa, kuti ine ndinapita ku koleji. Chaka chachiwiri mayeso anandikana kawiri, ndipo ine pokhala munthu wodzilemekeza sindinafunsirenso kachitatu. Kumtunda kuno aliyense amadziwa zimenezi. Kunyanja ayi. Achemwali anangouza anthu kuti mlongo wawo anapita ku koleji, zotsalazo anazisunga mumtima ngati namwino weniweni.

Galimoto ndinabwereka kwa amalume a Gervazio, kalaliki wopuma. Galimoto imeneyi amaipukuta m'mawa uliwonse koma saiyendetsa. Anandipatsa kiyi pamodzi ndi malamulo atatu: isanyamule mbuzi, isanyamule makala, ibwere ikununkhira momwe yapitira.

Ndinatsika chitunda cha Khwekhwelere kukadali kozizira, ndipo cha m'ma eyiti ndinali ndafika ku Chipoka. Ndinawapeza alamu atavala jekete yakuda, dzuwa la Okutobala lili phwee, nsapato zatsopano zikuwaluma zidendene. Achemwali anandinong'oneza kuti munthuyo sanadye chiyambire dzulo masana, ndipo sabata yonse wakhala akuyeserera moni wa apongozi m'boti, nthawi zina kugwadira matumba a chimanga.

Tisananyamuke anabwera msodzi wina, mnzawo wa alamu, ndi nsomba zitatu za chambo zimene zinatuluka m'madzi m'mawa womwewo, zitatungidwa pa mlaza. Sanafunse munthu. Anangopita pa galasi la m'mbali, la kumbali yanga, n'kuzimangirira pamenepo.

Kwa inu amene simunatsikeko kunyanja: nsomba yaiwisi siyenda m'kati mwa galimoto. Amaipachika panja, pa galasi kapena pa waipa, kuti mphepo iziiwomba njira yonse. Khungu limauma, ntchentche sizitera, ndipo imafika kumtunda ngati yangovuulidwa kumene. Mwana aliyense wa padoko amadziwa zimenezi asanadziwe kuwerenga.

Tinauyamba ulendo. Ndiyenera kuvomera kuti maola oyambawo anali okoma. Anthu awiriwa matauni onsewa amawadziwa, koma amawadziwira kumadzi. Msewu sauyenda. Tikafika pamalo, alamu ankazunguza mutu n'kumafunsa kuti kodi kuno ndi kuti, ndipo achemwali akawauza, ankadabwa kuti malo amene amakochezapo kawiri pa sabata ali ndi golosale, chigayo ndi malo ometera. Pa Ngodzi alamu anafunsa achemwali kuti, “Amake Tadala, ndiye kuti zaka zonsezi takhala tikulowera kukhomo lakuseri?”

Galimoto ikagwa m'dzenje ankati mafunde. Lole ikatidutsa ankati mwera. Achemwali ali kumbuyo ankandiuza kuti injini ya amalume ikutsokomola, ndisaikakamize, ndipo ine ndinkayankha ngati munthu amene wamva zimene akunena.

Pa Ngodzi pomwepo tinapatuka pa phula kulowera kudoko. Mayi wina wachikulire, amene alamu ananyamulapo mwamuna wake pa boti kupita naye kuchipatala, anatuluka ndi kampango wamkulu ngati mwendo wa munthu. Uyu anamangidwa pa galasi la kumbali ya alamu. Tisanafike pa Mtakataka tinapatukanso, ndipo bambo wina wosoka maukonde anawonjezera chambo chimodzi, chachikulu kuposa zonse, n'kunena kuti chimenechi n'cha apongozi okha, ana asachikhudze.

Apa m'pamene ndinazindikira kuti gombe lonse likudziwa za ulendowu. Paliponse pamene tinaima, mawu anali amodzimodzi: mukawagwadire bwino, mukawauze kuti kunyanja kulinso anthu. Ine ankandipatsa mpando wokhawo wokhala ndi miyendo inayi yofanana, chifukwa ndine mlamu wa ku koleji. Ndinakhalapo. Sindinakonze mbiri yanga ngakhale pamalo amodzi.

Tsopano tafika pa tchimo.

Pa Golomoti tinaima kuti timwetse mafuta tisanayambe chitunda. Alamu ndi achemwali anapita kumsika kukafuna mandimu, chifukwa alamu anali atayamba kale kumva mseru. Inde, munthu amene amaima chilili m'boti mwera ukuwomba, galimoto ya amalume inamugonjetsa.

Ndili chiimire, pambali panga panaima galimoto yaikulu ya ofesi ina, ya mlongoti kumbuyo. Galasi linatsika. Anali mnzanga amene tinkagona chipinda chimodzi ku koleji, mmodzi mwa aja mayeso anawavomera ulendo woyamba. Anayang'ana ine, anayang'ana chambo, anayang'ana kampango, n'kumwetulira mwachifundo.

“Aise Pio, wayamba geni ya nsomba? Bola, bola. Chilichonse ndi ntchito.”

Akanandiseka, ndikanaseka naye. Koma anandimvera chisoni. Ndinayamba kufotokoza kuti nsombazo si zanga, kuti ndangonyamula anthu ena, ndipo mawu akuti “anthu ena” anatuluka m'kamwa mwanga mosavuta, ngati kuti amene anapita kukagula mandimuwo sitinayamwe bere limodzi. Iye anati tidzaimbirana, galasi linakwera, galimoto inapita.

Ndinaganiza za msewu umene unali kutsogolo: pa Masasa, pa boma, pa Chimbiya, malo onse amene anthu amandidziwa ndiponso amawerenga tsamba lino. Ndinamasula nsomba zonse zisanu. Ndinagula jumbo yakuda, n'kuziponyamo, n'kumanga mfundo ziwiri zolimba pokumbukira lamulo lachitatu la amalume. Kenako ndinaziika m'buti, pafupi ndi tayala lapadera, n'kutseka.

Atabwera, alamu anaima n'kuyang'ana magalasi opanda kanthu. Ndinawauza, nkhope ili gwa, kuti kwatuluka lamulo latsopano loletsa kupachika nsomba kunja kwa galimoto, ndipo kutsogoloku akugwira anthu, ndiye nsombazo ndaziika m'jumbo, zili m'buti.

Lamulo limeneli kulibe. Ndinalipanga ndekha, pomwetsera mafuta, popanda ngakhale komiti.

Alamu anafunsa motsitsa mawu kuti, “M'jumbo, alamu? Dzuwa limeneli?”

Achemwali anali atayamba kale kutsegula pakamwa, ndipo ndikudziwa zimene zikanatuluka. Koma alamu anawagwira dzanja. “Asiyeni, amake Tadala. Iwo anapita kusukulu, malamulo akuwadziwa.”

Chiyambire kubadwa, koleji yanga inali isanandigwirirepo ntchito. Tsiku limene inagwira, inagwira yoteroyo.

Khwekhwelere potsika ndi msewu, pokwera ndi chilango. Tinaima kanayi kuti alamu asanze zimene sanadye. Titafika pakati pa chitunda, injini inatentha n'kuyamba kutulutsa nthunzi, monga momwe achemwali ananenera kuyambira ku Chipoka. Tinakhala pamenepo pafupifupi maola awiri, achemwali atapinda manja a bulauzi, akuthira madzi amene tinakatunga kukhwawa. Galimoto inaima pamtetete, buti ikuyang'ana dzuwa.

Alamu, ali gone pansi pa kamtengo, jekete atalipinda bwinobwino pamwala, anapempha kuti mwina titulutse nsombazo zipume pamthunzi. Apa ndikanatha kukonza zinthu. Ndikanangotsegula buti. Koma kutsegula buti kunali kutsegulanso nkhani ya lamulo lija, ndiye ndinawauza kuti m'buti mumakhala mozizira ngati m'firiji, ndipo ndinatchulapo mawu awiri a sayansi, omwe aja ndinawalephera pa mayeso.

Anagwedeza mutu n'kutseka maso.

Tinafika ku Kaphuka cha m'ma folo. Amayi anali pakhonde, atavala juzi yawo ya Lamulungu pa Lachiwiri, ndipo pakhomo panali posesedwa mpaka kumsewu. Ndinaona zimenezo. Aliyense amene amawadziwa akanaona.

Alamu anatsika, anavala jekete, n'kukagwada pansi pa masitepe, patali ndithu, monga achitira mkamwini. Moni uja anayeserera pa matumba a chimanga unatuluka wonse, osaphonya liwu. Amayi anayankha. Anafunsanso za adzukulu awo, kuwatchula mayina onse atatu, amene ine ndinkaganiza kuti sawadziwa. Achemwali anali akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Kenako alamu anati abwera ndi kamphatso kochokera kwa anthu a kwawo. Achemwali anakatsegula buti.

Sindidzafotokoza fungolo, chifukwa ena mukuwerenga izi mukumwa tiyi. Ndingonena kuti jumbo inali itafufuma ngati mpira, ndipo achemwali atamasula mfundo yachiwiri, nkhuku za amayi zinasamukira kwa aneba. Chambo cha apongozi okha chija chinali chitaphulika mimba.

Amayi anaphimba mphuno ndi mpango, anayang'ana jumboyo nthawi yaitali, n'kunena mwa mawu awo a m'kalasi kuti, “Munthu wokhala m'madzi, nsomba osadziwa kuisunga. Nanga mwana wanga akumusunga bwanji?”

Nthawi imeneyo inali yanga. Panalibe wina woti alankhule koma ine. Achemwali ananditembenukira, maso ali pa ine, kudikira.

Ine ndinayang'ana tayala la kutsogolo, ngati kuti laphwa.

Amene analankhula ndi alamu, akadali chigwadire. “Pepani amayi. Wolakwa ndine. Nsombazo anapatsa ine, ndipo ine sindinazisamale.”

Anapempha khasu. Anavula jekete, anapita kuseri kwa dimba la kachewere, n'kukwirira yekha nsomba zisanu zimene gombe lonse linasonkha. Ine ndinathandiza pogwira jekete. Ndikufuna kuti mbiri ilembe zimenezo: ndinagwira jekete.

Chakudya chinali nyemba. Amayi anavula juzi ya Lamulungu n'kuvala ya masiku onse, ndipo sanafunsenso funso lina.

Tsopano ndiloleni ndikufunseni, owerenga, kuti ndisakhale ndekha pabwalo la mlandu. Ndi angati mwa ife amene tili ndi buti?

Mayi akabwera kusukulu yogonera konko atasenza chigumu m'mbale yokulunga ndi nsalu, ndi ana angati amene amakawalandirira kuseri kwa mpanda kuti anzawo asaone? Mkulu wako amene anasiya sukulu n'kumalima kabichi kuti iwe uphunzire, akafika kuofesi kwako ndi nsapato za matayala, umamutchula kuti chiyani pamaso pa abwana? Mkulu wanga? Kapena “munthu wina wa kumudzi”? Pa ukwati wa m'tauni, ndani amakhala pa tebulo la maluwa, ndipo ndani amadyera kukhitchini pamodzi ndi miphika?

Ife a kumtunda tili ndi matenda athu apadera. Timaganiza kuti chifukwa timavala juzi ndiponso agogo athu ankaimba Chilatini, ndiye kuti Mulungu tinayandikana naye mamita angapo kuposa a kunyanja. Chambo timachifuna pa mbale, koma wochigwira asakhale pa mpando. Timati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, ndipo mwambi umenewu timaugwiritsa ntchito pa anthu a dera lonse, osafunsa kuti kodi anaiika m'jumbo ndani.

Chodabwitsa n'chakuti chinthu chimene ukuchita nacho manyazi, ukachisiya poyera chimakhala bwinobwino. Nsomba zija zikanafika zabwino zikanakhala pagalasi, aliyense akuziona. Mnzanga wa galimoto ya mlongoti uja pofika lero anaiwala kuti tinakumana. Ine ndinagulitsa zaka khumi ndi zinayi za kudikira kwa munthu pofuna kusangalatsa galasi limene linatsika mphindi imodzi n'kukweranso.

M'mawa mwake ndinaperekeza alamu ndi achemwali pa Chimbiya kuti akakwere minibasi, popeza amalume atanunkhiza buti yawo analanda kiyi. Amayi anatsanzikana nawo mwaulemu, ulemu uja amapatsa munthu wobwera kudzawerenga mita. Thumba la kachewere analipereka m'manja mwa achemwali.

Pa siteji achemwali anandifulatira. Anali kusankha tomato amene sankafuna kugula. Ine ndi alamu tinaima m'mbali mwa msewu ngati mitengo iwiri ya magetsi.

Ndiyeno kunatulukira galimoto yaikulu yakuda, yonyezimira, ya munthu wooneka kuti ali ndi madigiri okwanira mudzi wonse. Pa waipa pake panali chambo zinayi zikuvina ndi mphepo, poyera, dzuwa likuswa mtengo.

Alamu anaiyang'ana mpaka inazimiririka. Kenako, osanditembenukira, anati:

“Awonso aphwanya lamulo lija, alamu.”

Sanaseke. Sanakwiye. Anandigwira chanza ndi manja awiri, anandithokoza chifukwa chowayendetsa bwino, n'kukwera minibasi. Mpaka lero sindikudziwa kuti anazindikira liti. Ndikuopa kuti ndi pa Golomoti pomwe paja, ndipo anasankha kuti ndi bwino anyozeke iwo kusiyana n'kuti mlongo wa mkazi wawo agwidwe bodza pamaso pa amayi ake.

Anthu amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Uyu sanaterereke. Woterereka anali mwana wa m'nyumba.

Pali munthu mmodzi amene saphonya tsamba lino. Loweruka lililonse amatuma wa kabaza kukagula nyuzipepala, amakhala pakhonde ndi bolopeni yofiira, n'kumachonga Chichewa changa. Sabata yatha anandipatsa sikisi pa teni.

Amayi, ndikudziwa kuti mwafika pa mzere uno, chifukwa simusiya pepala musanalimalize.

Nsomba zija anaika m'jumbo ndine. Lamulo lija ndinapeka ndine. Alamu anapempha kawiri kuti zisakhale m'buti, ndipo kawiri konse ndinawatseka pakamwa ndi sukulu imene inu mukudziwa kuti sindinaimalize. Ndikanatha kukuuzani pakhonde paja, kapena m'mawa mwake, kapena dzulo pamene ndinabwera kudzatenga mazira. Ndalephera katatu, kuposa mayeso aja. Ndiye ndalemba, chifukwa n'chokhacho ndimatha.

Munafunsa kuti mwana wanu akumusunga bwanji. Ine ndinaona. Munthu amene anakwirira manyazi a mlamu wake kuseri kwa dimba lanu, atavala nsapato zomuluma, osatchula dzina la munthu, ndikuganiza kuti funso limenelo analiyankha.

Ngati mungamuitanenso, ndikamutenga ndine, ngakhale pa minibasi, poti amalume sakundiyankha moni. Nsomba ndidzazipachika kumbali yanga, ndipo pa Chimbiya ndidzapempha dalaivala ayende pang'onopang'ono.

Bolopeni ili m'manja mwanu, amayi. Pa ana awiri amene anafika pakhomo panu Lachiwiri lija, wogwada ndi wogwira jekete, wolephera ndi uti?